Matepi a ukwati aja muyambe mwawayang'ana musanawaike m'deki

Achemwali, mwafunsa ngati mungathe kusamutsira nokha pa kompyuta matepi a VHS a ukwati wa makolo anu, amene mwawapeza m'sutikesi kwanu ku Luchenza. Zimatheka ndithu. Ine ndinasamutsa a chinkhoswe cha malume anga konkuno ku Chitakale. Koma chonde musathamangire kuwaika m'deki.

Yambani mwasuzumira pa kawindo ka tepi iliyonse. Mukudziwa kuno kwathu, chiperoni chikabwera chinyezi chimalowa paliponse, ndiye tepi yokhalitsa m'sutikesi imachita chuku. Mukaona toyerayera ngati ufa pa riboni, imeneyo ikani padera. Ine yoyamba ndinangoiponya m'deki osayang'ana. Chuku chinamata mitu ya deki (tizitsulo timene timawerenga tepi), chithunzi chinasanduka mchenga wokhawokha, riboni n'kutafunika pamalo penipeni pomwe agogo ankapereka malangizo. Mpaka lero zimandiwawa. Tepi yotere ipite kwa wokonza mawailesi wodekha, aitsegule n'kuipukuta pang'onopang'ono. Padzuwa musaiyanike, imapindika. Thyolaninso kapulasitiki kakang'ono kali kumsana kwa tepi kuti wina asajambulepo mwangozi.

Chovuta kupeza ndi deki. Funai, kampani yomaliza kupanga madeki a VHS, inasiya mu 2016, choncho mudalire yakale. Funsani anthu amene ankaonetsa mavidiyo pamsika kale, kapena okonza zamagetsi ku Limbe. Mukaipeza, iyeseni kaye ndi tepi yopanda ntchito.

Zotsalazo n'zapafupi. Gulani kachipangizo ka USB kotchedwa video capture, ambiri amati EasyCap, ndi chingwe cha mitu itatu chija: wachikasu ndi wa chithunzi, woyera ndi wofiira ndi ya mawu. Chingwecho chimalumikiza deki ndi kachipangizoko, kachipangizoko n'kulowa pa kompyuta. Pulogalamu yojambulira vidiyoyo pa kompyuta, ya OBS Studio, ndi yaulere. M'menemo sankhani PAL, 720x576, mafulemu 25 pa sekondi, chifukwa matepi ojambulidwa kuno ndi a PAL, mtundu wa vidiyo umene timagwiritsa ntchito kuno. Mukasiya pa NTSC, mtundu wa ku America, chithunzi chimabwera chopanda mtundu kapena chodumphadumpha. Ngati pali timatepi ting'onoting'ono ta Hi8 kapena MiniDV, timeneto timafuna kamera yake, m'deki sitilowa.

Chidule palibe apa. Tepi yolembedwa E-180 ndi maola atatu, ndipo kusamutsako kudzatenganso maola atatu omwewo. Sankhani nthawi imene magetsi sakonda kuthima, poti laputopu ili ndi batire koma deki ilibe. Akathima tepi ili m'kati, musaikoke, dikirani ayake.

Mukamaliza, fayiloyo ikhale malo awiri, ina pa hard drive yanu, ina pa fulashi kwa m'bale wina. Ya pa WhatsApp musaidalire, amaifinya mpaka nkhope sizioneka bwino. Matepiwo osataya, asungeni choimika pamalo pouma.

Tsiku loyamba kuonera, mayi akhale pambali panu ndipo inu mugwire kope. Azikutchulirani mayina a anthu amene akuvina ndi kufupa m'menemo, inu muzilemba pamodzi ndi mphindi imene aliyense waonekera.