Za ma white cells a mwana wanuwo, mai mufunse bwino

Iii mai, mwalemba kuti mwana wanu atamuyeza magazi, ma white cells, asilikali a m'thupi aja, apezeka 14,000. Nambala imeneyi yandibwezera kutali moti ndikulemba manja akunjenjemera. Wanga naye anayamba choncho, lero thupi moto mawa zii, mkucha layambanso. Pa kakiliniki kena kapulaiveti kuno kwathu ankangobaya chala, malungo osapezeka, koma LA kutipatsabe ati mwina abisala, ine kulipira. Nditapempha full blood count, kuyeza kowerenga maselo onse a m'magazi, adokotala ake anandiyang'ana nkuti "mayi mwayamba udokotala liti?" Mpaka lero ndikadutsa pa geti pawo mtima umawira, ndalama zathu anadya anthu amene aja mwana akutha.

Tsiku lomwe sindidzaiwala kunali usiku magetsi atazima, mwana anayamba kamfuno, magazi osaleka, ndinatsina mphuno ndinathira madzi pamutu koma ayi ndithu, chitenje chonse chofiira. Kuunika ndi tochi ya foni ndikuona miyendo ili ndi mabala akuda ngati wamenyedwa, zikhatho mbee, nkhama nazo zikutuluka magazi, iye kungoti amama ndatopa. Bambo ake ali ku ntchito ya usiku, minibasi kulibe, aneba ndi amene anatithamangitsira ku chipatala cha Queens ine ndilibe ndi nsapato zomwe.

Kumeneko ndi komwe anatiuza kuti ndi leukemia, khansa ya m'magazi. Asilikali a m'thupi aja amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndiye kwa iye ankapangidwa ambirimbiri koma osakhwima, osamenya nkhondo, kumangodzaza malo mpaka magazi ofiira ndi ma platelets oletsa kukha magazi kuchepa. Nchifukwa chake kuyera kuja ndi kamfuno. Pano akulandira chemo, mankhwala a khansa, tsitsi linathothoka koma akusewera.

Komatu musati ndakuopsezani, nambala yokwera nthawi zambiri ndi thupi likulimbana ndi matenda basi. Kwa wamkulu imakhala 4,000 mpaka 11,000, ana aang'ono yawo imakwererako mwachibadwa. Asilikaliwa ali m'magulu angapo, chofunika adokotala afotokoze kuti akwera ndi ati. Ma neutrophils amakwera kukakhala mabakiteriya ngati chibayo, ma lymphocytes kawirikawiri ndi mavairasi, CD4 ija timaimva ku nkhani za HIV ili m'gulu lomweli, ma eosinophils ndi njoka za m'mimba, likodzo kapena mphumu. Muonenso Hb, yosonyeza ngati magazi achepa, ndi ma platelets pa pepala lomwelo, zikakhala bwinobwino mtima ukhale m'malo.

Ndiye musamakangane ndi madokotala, amadziwa ntchito yawo, mumalize mankhwala akupatsaniwo kenako mukayezetsenso. Za pa Google zisiyeni zingokusowetsani tulo. Koma akakukanizani kuyeza muchite phokoso ndithu, ndipo mukaona timabala takuda, zotupa m'khosi kapena akudandaula kuphwanya kwa mafupa musadikirenso kuti mankhwala athe, mutengeni usiku womwewo.