Mwendo ukamakokana usiku: mwafunsa, tikuyankha

Funso: A dokotala, ine ndi mayi wa zaka 58, ndimagulitsa tomato pamsika nde tsiku lonse ndimakhala chiimirire. Usiku ndikangoti tulo tandipeza katumba amakokana kuuma gwa, zala zakuphazi kupindika, ndimachita kukuwa mpaka ana kudzuka. Mnzanga akuti ndizimwa kwinini poti anawathandiza amayi ake. Ndimwe kodi? Mayi wa ku Ndirande

Yankho: Pepani mayi, ululu umenewu ndi wosasimbika ndipo amene sanaumvepo amangoona ngati mukukokomeza. Koma kwinini yekhayo ayi chonde musamwe. Zoona amachepetsako kukokanako pang'ono, koma ndi mankhwala a malungo amphamvu, atha kusokoneza kagundidwe ka mtima, kuliza makutu, komanso kugwetsa tizinthu tam'magazi tija timathandiza kuti magazi aziundana pachilonda, munthu nkumangotuluka magazi m'nkhama ndi m'mphuno. Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linachenjeza mu 2010 kuti asamaperekedwe pa vuto la kukokana miyendo. Nde musaike moyo pachiswe chifukwa cha chinthu choti chimatha pa mphindi zochepa.

Chimachitika nchoti mnofu wa katumba umatopa ndi kuima kuja, nde mukagona phazi limaloza pansi, mnofu nkufupika, mtsempha woulamulira ukangotekeseka pang'ono basi wamanga osamasukanso. Zimachuluka munthu akapitirira zaka 50 ndipo nthawi zambiri sikuti pali matenda ena obisala.

Zikakugwirani wongolani mwendowo, gwirani zala zakuphazi nkumazikokera kwa inu ngati mukufuna ziloze pabondo, zimawawa poyamba koma limbikani musasiye mpaka mumve kuti wamasuka. Kapena dzukani mupondetse chidendene pansi nkuyendayenda. Kenako tikitani, kuthowa ndi madzi ofunda kumachotsa kuphwanya kotsalira kuja.

Kupewa kwake ndi kuwongola katumba musanagone, tsiku ndi tsiku osati pokhapokha zakupwetekani. Imani moyang'ana khoma, manja pakhoma, mwendo umodzi mmbuyo chidendene chili pansi bondo losapinda, weramirani kutsogolo mpaka mumve kukoka, werengani mpaka 30, sinthani mwendo, katatu mbali iliyonse. Bulangete musamalipanikizire kumiyendo chifukwa limakankhira phazi pansi. Pamsikapo pezani kampando muzikhalako makasitomala akachepa, ndipo madzi muzimwa, ndikudziwa azimayi ambiri amsika amadzimana madzi poopa kulipira chimbudzi koma thupi ndi lomwe limavutika.

China, simunanene ngati muli pa mankhwala a BP. Mapilisi okodzetsa monga HCTZ ndi Lasix amatulutsa mchere wina wofunika m'thupi kudzera mumkodzo nkubweretsa kukokana. Ngati mukumwa musasiye panokha, kawauzeni kuchipatala komwe mumalandirako aone ngati nkofunika kusintha kapena kuyeza magazi.

Funso: Ndine wa kabaza wa njinga yakapalasa, mwezi wa Okutobala ntchafu ndi akatumba zimandikokana ndili pamsewu ndi kasitomala kumbuyo. Anzanga akuti ndizidya nthochi. Mnyamata wa ku Salima

Yankho: Achimwene, zanuzi ndi kutopa kwa minofu kuphatikiza thukuta la dzuwa lakunyanjalo. Nthochi ndi zabwino idyani, komanso mbatata, nyemba, mtedza, mapeyala, bonongwe ndi usipa wodyera minga zomwe, koma musaganize kuti nthochi imodzi imasula mwendo pompopompo, chakudya chimatenga nthawi kuti chifike m'magazi. Tsikani panjinga, wongolani mnofuwo, pumani pamthunzi. Yendani ndi botolo la madzi muzimwa pang'onopang'ono osadikira ludzu, mkodzo ukamatuluka wachikasu kwambiri ndekuti mwaperewera. Mowa wa usiku umakuumitsani mmawa musanayambe nkomwe kupalasa. Ndipo muoneko chishalo, chikatsika kwambiri mwendo suwongoka popalasa nde umatopa msanga.

Koma tsiku lomwe kukokana kwabwera limodzi ndi kutsegula m'mimba kwamadzi kapena kusanza, imeneyo ndi nkhani ina, thupi latha madzi ndi mchere ndipo kolera amachita choncho. Sungunulani paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, muzimwa muli panjira yakuchipatala.

Funso: Ndili ndi pakati pa miyezi 7, miyendo ikumandikokana mbandakucha. Mwana ali bwino? Mayi wa ku Mchinji

Yankho: Zimachitikira amayi oyembekezera ambiri miyezi yomalizayi, mwana sizimupweteka ndipo zimatha mukachira. Chitani zowongola zija mosamala mutagwira khoma, ndipo mukazinene kusikelo. Chomwe ndikufuna muchiyang'anitsitse ndi mwendo umodzi kutupa, kutentha, kuwawa osaleka ngakhale mwauwongola. Kumeneko sikukokana, atha kukhala magazi oundana mumtsempha ndipo chotupacho musachitikite, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kuundana kwa magaziku kumagwiranso amene angobereka kumene ndi amene akhala nthawi yaitali m'basi osatambasula miyendo, ngati maulendo aku Johannesburg aja. Mukamva kubanika kapena kubaya pachifuwa musadikire kuti kuche.