Mafunso a owerenga: dzina la bwalo la ndege la Castle linachokera kuti?

Funso: Akonzi, mwana wanga wa ku California wanditumizira zithunzi za ndege zakale zankhondo zomwe zili pamalo otchedwa Castle. Dzinali ndi la ndani, nanga asilikali anachokeranji pamalopo? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Bambo, Castle anali munthu. Frederick Walker Castle, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a ndege a America, anafa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pa 24 Disembala 1944, ali ndi zaka 36. Tsikulo ankatsogolera ndege zoponya mabomba zoposa 2,000 kuchokera ku England, pomwe asilikali a Germany anali atathyola mzere wa nkhondo ku Ardennes, dera la nkhalango la ku Belgium ndi maiko oyandikana nawo. Unali ulendo wake wa 30.

Ndege yake inali B-17, ya mainjini anayi, ndipo ali pamwamba pa Belgium injini imodzi inafooka. Apa ndiye panagona ngozi. Ndege zimenezi zinkauluka mothithikana kuti mfuti za ina zizitchinjiriza inzake, choncho yotsalira m'mbuyo inkasanduka nkhuku yotayana ndi zinzake kabawi ali m'mwamba. Mankhwala ake anali odziwika: kutaya mabomba kuti ndege ipepuke. Castle anakana, poti pansipo panali asilikali a mbali yake. Ndege za Germany zinamupeza, mainjini ena nkuyaka. Iye analamula anzake kuti adumphe ndi maparachuti, n'kugwira yekha chiwongolero kuti apeze mpata wotulukira. Thanki ya mafuta ya m'phiko lamanja inaphulika, ndege nkukagwa pafupi ndi Hods. Anaikidwa m'manda a asilikali ku Henri-Chapelle ndipo anapatsidwa Medal of Honor, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali a America, atamwalira kale.

Bwalolo lili ku Atwater, m'boma la Merced. Linatsegulidwa mu 1941 pophunzitsira oyendetsa ndege, ndipo dzina la Castle linaperekedwa mu Januwale 1946. Mbiri yake yeniyeni ndi ya B-52, ndege yaikulu yoponya mabomba: yoyamba kuperekedwa kwa gulu lankhondo inatera pamenepa mu Juni 1955. Mu Januwale 1957 ndege zitatu za B-52 zonyamuka pa Castle zinazungulira dziko lonse osatera, kwa maola 45 ndi mphindi 19, zikumwetsedwa mafuta m'mlengalenga. Zinanyamuka zisanu, ziwiri zinapatukira panjira.

Kuchoka kwa asilikali sikovuta kufotokoza. Mkangano wa America ndi Soviet Union utazirala, boma linaganiza mu 1991 zochepetsa mabwalo, ndipo Castle inatsekedwa mu Sepitembala 1995.

Chomwe zithunzi sizionetsa ndi madzi. Amakaniko ankatsuka zitsulo ndi mankhwala ochotsa girisi otchedwa TCE. Mankhwalawa ndi olemera kuposa madzi, ndiye akatayikira pansi amamira mpaka kukafika m'madzi a m'zitsime, osatha msanga. Malowa analowa m'kaundula wa boma wa malo oipitsidwa kwambiri mu 1987. Kuyeretsa kwake n'kochedwa: kupopa madziwo, kuwasefa m'makala apadera, kenako kuwabwezera pansi, chaka ndi chaka.

Lero msewu wa ndege, wotalika pafupifupi makilomita 3.6, ukugwirabe ntchito, ndipo mbali ina ya malowo anamangapo ndende. Ndege za pazithunzizo zili ku Castle Air Museum. Muuzeni mwanayo akajambulenso B-36 ndi SR-71, kenako akaime pansi pa phiko la B-17, ndege ya mtundu umene Castle anafera.