Kodi morphine akufulumizitsa imfa ya bambo anga?

Funso: Bambo anga akudwala khansa yomwe yafalikira m'mafupa. Madokotala anati opaleshoni singathandizenso, ndiye anawatulutsa m'chipatala atatipatsa botolo la morphine wamadzi. Chiyambireni kumwa akungogona, chakudyanso akukana. Azakhali anga akuti mankhwala amenewa amapatsa munthu amene achipatala amutaya, choncho tiwasiyitse. Panopa ndikumawapatsa pokhapokha akayamba kubuula. Nditani? — Wodwazika

Yankho: Pepani ndi matenda. Monga namwino, nkhawa ya azakhali anuyo ndimaimva kawirikawiri, ndipo sindiwaimba mlandu. Anthu ambiri amauona morphine koyamba wodwala atafooka kale, ndiye akamwalira amati ndi mankhwala aja. Zoona zake n'zakuti chikufooketsa bambo ndi khansa. Morphine woperekedwa pa mlingo umene dokotala walemba ntchito yake ndi kuletsa ululu.

Chimene ndikukupemphani musinthe lero lomwe ndi kudikira kuti abuule. Morphine wamadzi amagwira ntchito pafupifupi maola 4, kenako mphamvu yake imatha. Mukadikira ululu ubwerere, umavuta kuuzimitsa, ndipo wodwala amayamba kukhala mwamantha, kudikira nthawi yomwe uyambirenso. Dokotala wina, Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice, malo osamalira odwala matenda osachizika, ku London mu 1967, anaumirira zoti mankhwala a ululu aziperekedwa pa nthawi yake ululu usanabwere, ndipo mu 1986 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika mfundo yomweyi m'malangizo ake a ululu wa khansa. Lembani maola pa pepala, mulimate pakhoma pafupi ndi bedi, aliyense wowamwetsa azichonga. Funsaninso achipatala mlingo wowonjezera umene mungapereke ululu ukabuka nthawi isanakwane. Musawasiyitse mwadzidzidzi, thupi likazolowera limavutika.

Tulo tambiri timabwera masiku oyambirira, kenako timachepa. Ena amakhala akubweza tulo ta masabata amene ululu unkawagoneka maso. Koma mukaona kuti akuvuta kudzutsa, kapena akupuma patalipatali, musapereke mlingo wotsatira, imbirani achipatala msanga. Vuto limene silitha lokha ndi kudzimbidwa. Pafupifupi aliyense womwa morphine amadzimbidwa, choncho pemphani mankhwala ofewetsa m'mimba monga bisacodyl kapena senna. Bambo angachite manyazi kukuuzani inu mwana wawo, ndiye pezani wina amene angamasuke naye awafunse.

Za chakudya ndiye zimapweteka mtima, chifukwa wodwazika amaona ngati kudyetsa ndi chokhacho chatsala m'manja mwake. Khansa ikafika patali, thupi silifunanso chakudya ngati kale, ndipo njala samaimva monga mmene inu mukuganizira. Kuwakakamiza kungawasanzitse kapena kuwatsamwitsa. Apatseni pang'onopang'ono chimene apempha, atakhala tsonga. Akakana, nyowetsani milomo ndi kansalu koyera koviika m'madzi, mupukutenso lilime. Pakamwa pouma pamasautsa kuposa m'mimba mopanda kanthu.

Ngati sakutha kutembenuka okha, muziwatembenuza maola 2 alionse, ndipo muziyang'ana m'chiuno, kumatako ndi zidendene. Khungu likafiira osabwerera mwakale, chilonda chayandikira.

Achipatala sanawataye bambo anu. Matenda akakana kuchizika, chisamaliro chochepetsa ululu ndi mavuto ena chimapitirira, ndipo muli ndi ufulu wobwererako nthawi iliyonse zinthu zikasintha. Ulendo wotsatira muwatenge azakhaliwo, akafunse okha mafunso awo kwa dokotala kapena namwino. Muwapatsenso gawo, kaya usiku umodzi pa sabata, kuti inu mugoneko. Ndipo bambo akadzuka ali bwinoko, afunseni iwo eni ake chimene akufuna: kaya pali munthu amene akufuna kumuona, kaya pali nkhani ya pabanja imene akufuna kuilongosola mutu ukadali bwino.