Ndimapereka chakhumi, nanga osauka akufunanso chiyani kwa ine?

Mayi wina wandilembera pa imelo. Akuti bizinesi yawo yakula, alemba antchito angapo, ndipo chakhumi sachiphonya. Tsono mnzawo wa mumpingo anawauza kuti munthu wachuma ali ndi mangawa kwa osauka, ndipo mawuwo anawapweteka. Akufunsa kuti: "Kodi kulemera ndi tchimo? Nanga poti kwa Mulungu ndimapereka kale, osauka ndawalakwira chiyani?"

Mayi, funso loyambalo silovuta. Kulemera si tchimo. Abrahamu anali wolemera, Yobu chimodzimodzi. Pa 1 Timoteo 6:17-18 Paulo sakuuza achuma kuti ataye katundu wawo, koma kuti asadzikuze, asadalire chumacho, ndipo akhale owolowa manja.

Koma mnzanuyo sananame ayi. Taonani Levitiko 19:9-10. Mwini munda analamulidwa kuti asakolole mpaka m'mphepete, asabwererenso kukatola khunkha, azisiyira osauka ndi alendo. Limeneli linali lamulo, silinali pempho. Wosauka polowa m'mundamo sankapempha, ankatenga gawo lake, ndipo umu ndi mmene Rute, mkazi wamasiye wa ku Mowabu, anadyetsera apongozi ake kuchokera m'munda wa Boazi. Chifundo munthu amachita mtima ukafuna. Ichi mwini munda ankayenera kuchita ngakhale wadzuka wokwiya.

Pomwe ndikufuna tikhazikike kwambiri ndi pa antchito anuwo, chifukwa osauka oyandikira kwambiri munthu wa bizinesi kawirikawiri amakhala m'buku lake la malipiro. Deuteronomo 24:14-15 akuti waganyu alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, pakuti ndi wosauka ndipo mtima wake uli pa malipirowo. Yakobo 5:4 akuti malipiro amene eni minda anamana okolola akufuula, ndipo kulirako kwafika m'makutu a Ambuye. Anthu amene mneneri Amosi ankawadzudzula sanali othawa mapemphero. Nsembe ankapereka, chakhumi ankabweretsa (Amosi 4:4), koma anthu omwewo ankabera pa sikelo ndi kugulitsa wosauka pamtengo wa nsapato. Mulungu anawauza poyera kuti akudana ndi maphwando awo achipembedzo.

Yesu naye anakhudza funso lanu lenilenilo pa Mateyu 23:23. Afarisi ankapereka chakhumi ngakhale cha timbewu tating'onoting'ono tonunkhira, nkusiya chilungamo, chifundo ndi kukhulupirika. Sanawauze kuti aleke chakhumi. Anati achite izi osasiya zinazo.

Nkhani imene imandisowetsa mtendere ine ndi ya Lazaro pa Luka 16. Wachuma uja sitikumva kuti anamubera kapena kumumenya. Ankangomulambalala pakhomo. Koma atafika kumazunzo akumutchula dzina, kusonyeza kuti ankamudziwa bwino nthawi yonseyo. (Mwa mafanizo onse a Yesu, wosauka ameneyu ndi yekhayo amene anapatsidwa dzina. Wolemerayo alibe.)

Mpingo wakale sunafewetse zimenezi. Basil, bishopu wa mzinda wa Caesarea, m'zaka za m'ma 300, analalikira kuti chakudya chimene wasunga ndi cha wanjala, ndipo chovala chimene chili m'bokosi mwako ndi cha wausiwa. Sanathere pakamwa pokha, anamanga malo osamalirako odwala ndi osauka kunja kwa mzindawo. Mu 1891 Papa Leo XIII, m'kalata yake ya Rerum Novarum, anateteza ufulu wokhala ndi katundu wako, komanso anatsindika kuti malipiro akwanire kuti wantchito akhale moyo woyenera, ndipo kuti munthu akavomera ndalama zochepa chifukwa cha umphawi kapena mantha, ndiye kuti wachitiridwa nkhanza. Apa ndi pomwe ambiri timabisala: "Anavomera yekha." Inde anavomera, koma ana ake anali atagona ndi njala.

Choncho chakhumi pitirizani, mayi. Koma musanaganize zoyambitsa thumba la ana amasiye, tsegulani kaye buku lija. Kodi malipiro amafika pa tsiku lake, kapena amadikira kuti katundu watsopano ayambe wagulidwa? Wogwira mpaka usiku amalandira za maola owonjezerawo? Akadwala mumamudula? Mukapeza wina amene munamuchepetsera, muwerengere bwinobwino ndipo mumubwezere. Zakeyu analonjeza theka la chuma chake kwa osauka, koma kwa amene anawanyenga anati abweza kanayi.