Mfuti ya Duck Hunt sinafe, achimwene

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mfuti ya Duck Hunt, gemu yakale ija yoombera abakha, ikukana kugwetsa abakhawo pa TV yanu yatsopano yopyapyalayo. Musaitaye ayi, vuto ndi TV.

Mfuti ija situlutsa kalikonse, ntchito yake ndi kuona kuwala. Mukaombera, TV imada bii kwa kanthawi kochepetsetsa, kenako pamene pali bakha pamabwera kabokosi koyera. Mfuti ikaona kuyerako, ndiye kuti mwalasa. TV zakale za chimsana zija zinkaonetsa chithunzi nthawi yomweyo, pomwe zamasiku anozi zimachedwako pang'ono, ndiye mfuti imayang'ana kabokosi kasanafike.

Nintendo inatulutsa gemu imeneyi ku Japan mu 1984, koma ife tinkaisewera pa makina okopera, ndi katiriji yachikasu yolonjeza magemu zikwizikwi, chonsecho anali omwewomwewo obwerezabwereza. Tinkadzazana pabalaza pa aneba, mng'ono wanga n'kumagunditsa mfuti pagalasi penipeni kuti galu wa mugemumo, amene amaseka ukaphonya, asamuseke. Kubera kwenikweni! Adaputa ikatentha, mayi ake a mnzathu ankatithamangitsa.

Kafunseni TV yakale kwa okonza mawailesi kumsika, ambiri amangoziunjika pakona.