Mwana wa Mkhristu apite ku Halloween? Yankho langa kwa mayi a ku Area 25

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Area 25 kuno ku Lilongwe, dzina ndisunga. Mwachidule alemba kuti: "Mwana wanga wa zaka 8 wabwera ndi kalata ya kusukulu yoti pa 31 October ana avale zoopseza monga mfiti, mizukwa ndi zigoba, akuti kuli Halloween. Bambo ake ndi mkulu wa mpingo ku CCAP ndiye angoti m'nyumba muno zausatana ayi. Mchemwali wanga wa Katolika akuti ndi masewera a ana basi. Mwana akungolira kuti anzake onse apita. Kodi ndikamulola ndiye kuti ndanyoza Chikhristu?"

Amayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya m'nyumba mwanu. Mmene ndikuonera ine, tsikulo palokha silinyoza Chikhristu ayi, koma chimene mwana angavale, komanso mmene nkhaniyi ingayendere pakati pa inu ndi bambo akunyumba, pamenepo ndiye pakhoza kulowa chipongwe ngati simusamala.

Tiyambe ndi kumene zinachokera, chifukwa pa ma gulupu a WhatsApp pamayenda mauthenga oti ili ndi tsiku lobadwa Satana, zomwe Baibulo silinena paliponse. Dzina loti Halloween ndi la mu tchalitchi momwe, limanena za usiku woti mawa lake pa 1 November ndi tsiku la Oyera Mtima Onse. Papa Gregory III, amene analamulira kuyambira 731 mpaka 741, anapatula kachalitchi kena mkati mwa St Peter's ku Rome kuti kakhale kokumbukira oyera onse, ndipo pofika zaka za m'ma 800 chikondwerero cha pa 1 November chinali chitafalikira ku Ulaya. Kenako panabwera 2 November, tsiku lopempherera onse amene anamwalira, lomwe linafala kuchokera ku nyumba ya amonke ya ku Cluny ku France. Nchifukwa chake mchemwali wanu sakuona chachilendo, iwo mwezi wa November amapita kumanda ndi makandulo ndi maluwa kukapempherera abale awo, ndipo mukapita ku Maula pa 1 November mukapeza Misa.

Koma mbali inayo iliponso, tisaibise. Ku Ireland ndi ku Scotland kunali mwambo wakale wa Samhain nthawi yomweyi, kutseka nyengo yokolola ndi kulowa m'nyengo yozizira ya mdima, ndipo anthu ankakhulupirira kuti usiku umenewo mizimu imayendayenda pafupi ndi amoyo. Akatswiri a mbiri mpaka lero amatsutsana kuti ndi zingati za Halloween zomwe zinachokera ku Samhain ndipo ndi zingati zinachokera mu tchalitchi, zinasakanikirana kwa zaka mazana ambiri. Anthu a ku Ireland atathawa njala yaikulu yomwe inayamba mu 1845 nkupita ku America anatenga miyamboyi, kumeneko nyali za nkhope zoopseza zomwe kwawo ankasema pa ma turnip (mizu yodyedwa yobulungira ngati mbatata) anayamba kuzisema pa maungu poti ndi amene anali ambiri komanso ofewa. Zoti ana aziyenda khomo ndi khomo kupempha maswiti zinakhazikika m'zaka za m'ma 1900, ndipo a bizinezi ndi a mafilimu anazikuza mpaka kufika pomwe zili pano. Ndiye Halloween imene yafika pa sukulu ya mwana wanuyo ndi ya ku America imeneyi, ya maswiti ndi zovala za pulasitiki, yafika kudzera pa TV, pa TikTok ndi m'masukulu a fizi yokwera. Kuno October ndi mwezi wa dzuwa lang'ang'a, anthu akusosa ndi kugalauza kudikira mvula, maungu omwe kumunda kulibe, tikudya mfutso wa nkhwani. Si chinthu chomera m'nthaka yathu.

Bambo akunyumba muwauzenso ichi mwaulemu: 31 October yomweyo ndi tsiku limene mipingo ya Reformed, monga CCAP, ndi ya Lutheran imakumbukira Martin Luther ndi mfundo zake 95 za ku Wittenberg mu 1517. Ndiye tsikuli ngati tsiku si la mdyerekezi, mpingo wawo womwe uli ndi gawo pa tsiku limeneli.

Tsopano Baibulo. Amene amakana Halloween amatchula Deuteronomo 18:10-12, pomwe Mulungu akuletsa kuwombeza, nyanga ndi kufunsira kwa akufa, komanso Aefeso 5:11 za kusayanjana ndi ntchito za mdima. Mavesiwa ndi oona ndipo ine sindiwapeputsa. Mfumu Sauli pa 1 Samueli 28 anapitadi usiku kwa mayi wa ku Endori kuti amuitanire Samueli amene anali atafa, chimenecho ndicho choletsedwacho. Koma mwana wa zaka 8 wovala ngati nesi kapena mkango, akulandira bisiketi kwa aphunzitsi ake, sakuwombeza, sakuitana mzimu wa aliyense. Paulo pa Aroma 14 anakumana ndi mkangano wofanana ndi wanuwu, ena ankalemekeza tsiku lina kuposa linzake, ena ankati masiku onse ndi amodzimodzi, ndipo iye anati aliyense atsimikize mumtima mwake ndipo asaweruzane. Pa 1 Akorinto 8 nkhani inali ya nyama yoperekedwa kwa mafano, Paulo akuti fano si kanthu, komabe akuti ngati kudya nyamayo kukhumudwitsa m'bale wake ndiye iye sadya. Mfundo ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo anthu ambiri pa nkhani ya Halloween amangotola imodzi nkusiya inzake.

Pamene ine mtima wanga umandipweteka ndi pa chovala cha mfiti. Ku America mfiti ndi kathuni, gogo wa chipewa chosongoka ndi tsache, palibe amene amaopa. Kuno ufiti si nthabwala. Tonse tamvapo za agogo otenthedwera nyumba, kumenyedwa ngakhale kuphedwa kumene pa maliro chifukwa wina waloza chala kuti ndi amene adya mwana, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Kumbukiraninso 2017, mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu anaphedwa pongoganiziridwa kuti akupopa magazi, mpaka a United Nations anachotsako antchito awo kwa kanthawi, ndipo zimenezi zinkachitika miyezi ya September ndi October yomweyi. Ndiye taganizani mwana wopakidwa utoto wofiira kukamwa, mano a pulasitiki ali panja, akutsika minibasi madzulo pa Nsungwi kapena akudutsa pamsika, agogo ogulitsa tomato akumuyang'ana. Kwa iye ndi masewera, koma kwa agogowo chithunzi chimenechi chili ndi maliro enieni kumbuyo kwake. Mkhristu sayenera kuseweretsa chinthu chomwe chikuphetsa anzake. Pamenepa ine ndili mbali ya bambo akunyumba kotheratu, za mfiti, za magazi ndi za mitembo mwana asavale.

Ndipo mantha a bambowo sanayambe lero. Ife a m'chigawo chapakati tinakulira mu mkangano wa mpingo ndi dambwe, a Sinodi ya Nkhoma kuyambira kale sankalola Mkhristu kuyenda ndi gule, munthu ankayenera kusankha. Munthu amene anakula akuuzidwa kuti chigoba chili ndi mzimu, simungamuuze lero kuti chigoba cha ku shopu ndi chidole chabe nkuyembekeza kuti angovomera. Zimandikhudzanso kuti Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, ana athu ambiri a m'tauni sadziwa ngakhale tanthauzo la chilombo chimodzi, sanafikeko ku Kungoni ku Mua kukaona zigoba zosungidwa kumeneko, koma za mizukwa ya ku America akuzidziwa zonse. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina koma ndimafuna ndiitchuleko.

Nanga muchite bwanji? Choyamba musamulole mwana mobisa. Kumubisira chovala mu chikwama kuti akavalire kusukulu bambo asadziwe, kumeneko ndiye kunyoza kwenikweni, mwanyoza chikumbumtima cha mwamuna wanu komanso mwaphunzitsa mwana kuti za Mulungu timazizembera. Khalani pansi awiri ana atagona, muwafunse bambowo kuti chimene akukana ndi chiti, tsikulo kapena zovalazo, chifukwa nthawi zambiri mupeza kuti chikuwanyansa ndi mizukwayo osati maswiti. Ngati ndi choncho mwana akhoza kupita atavala ngati dokotala, wapolisi, mlimi ndi khasu lake la katoni, wosewera wa Flames, kaya Davide ndi legeni yake, telala wa pa msika akhoza kusoka zimenezi ndi kansalu kochepa, simukufunika kutaya ndalama pa zigoba zodula.

Pitaninso mukaonane ndi ahedi, osati kukakalipa ayi, kungowafotokozera kuti m'nyumba mwanu nkhaniyi ndi ya chikhulupiriro. Ulemu uyenera kuchokera mbali zonse, sukulu imene ili ku Malawi ikuyenera kudziwa kuti makolo ambiri, Akhristu ngakhalenso Asilamu, sangamasuke ndi kalata youza ana kuti avale ngati mfiti, ndipo mwana amene sanavale asasekedwe kapena kukhalitsidwa yekha m'kalasi. Funsani pa gulupu ya makolo, mupeza kuti si inu nokha amene kalatayo yakusowetsani tulo, ndipo mutu umodzi susenza denga, mukapita angapo ahedi akhoza kusintha nkukhala tsiku longovala zosangalatsa basi.

Mchemwali wanunso musamutenge ngati wachikunja chifukwa ana ake apita, ndipo iyenso asamanene bambo akunyumba kuti ndi otsalira. Onse awiri akuwerenga Baibulo limodzi lomwelo. Chimene ine ndimakana ndi zoti Mkhristu aziyenda ndi mantha pa 31 October ngati kuti tsiku limenelo Yesu alibe mphamvu, kutseka mawindo, kudzudzula ana a aneba kuti alowa zausatana, mantha otere amamukuza mdyerekezi kuposa mmene chipewa cha pulasitiki chingamukuzire. Za ma pate a akuluakulu m'malo omwera mowa usiku umenewo ndi nkhani ina, pamenepo vuto ndi kuledzera ndi zotsatira zake, lomwe liripo ngakhale pa Khirisimasi.

Ngati mwakambirana ndipo bambo akanabe, ine ndingati mwana akhale pakhomo tsiku limenelo, tsiku limodzi la maswiti si loti nkuphwasulira mtendere wa banja. Koma musamuuze kuti anzake onse ndi a Satana kapena kuti aphunzitsi ake ndi afiti, chifukwa tsiku lotsatira akakhala nawo pa desiki imodzi ndipo mawu amenewo akawatulutsa. Muuzeni zoona zake, kuti kwathu kuno nkhani za ufiti zapweteketsa anthu ambiri osalakwa ndiye ife sitiseweretsa, komanso kuti adadi ake mtima wawo sukuwalola ndipo m'banja timamverana. Mugulireni maswiti akewo, aitane anzake awiri atatu Loweruka adzasewere, ndipo bambo akewo akhale nawo pomuuza, asakusiyireni nokha ntchito yopukuta misozi.